Akuti tiyeze thanzi la anthu onse pafakitale ndi lamba mmodzi, kodi zitheka?

Nachanza_Thyolo

Moni nonse. Ndine mlembi wa komiti yoona za umoyo wa ogwira ntchito pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Dzina lake ndisalitchule, ntchito ndikuifunabe. Ntchito yanga yeniyeni ndi ukalaliki ku sitolo, za chipatala sindinaphunzire, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu odziwa.

Mabwana atiuza kuti mu Januwale kukhale tsiku loyeza thanzi. Akufuna tiyeze magulu atatu: ogwira ntchito m'fakitale, amayi oyembekezera (ogwira ntchito komanso akazi a ogwira ntchito), ndi ana osakwana zaka 5 a kumalayini. Zida zomwe atipatsa ndi katoni ya malamba a MUAC aja a mitundu itatu, oyezera kukula kwa mkono, sikelo imodzi yoponda, ndi fomu. Fomuyo ili ndi malo a dzina, nambala ya ntchito, kenako mabokosi awiri basi, lina "ali bwino", lina "sali bwino". Pamapeto akufuna nambala imodzi yoti aike mu lipoti, kuti mwa anthu 100 aliwonse ndi angati ali bwino.

Ine mtima sukukhazikika. Choyamba, lambayo ndi wamfupi. Bambo wina wa ku boyila, uja amaponya zipika za bulugama m'ng'anjo, anangoseka nditamuonetsa, mkono wake sungakwane n'komwe. Chachiwiri, pali kamwana ka mnansi wanga kumalayini, kali ndi zaka 4, n'kojintcha ndithu, pa lamba kamagwera pobiriwira. Koma mukakaimika pamodzi ndi mwana wanga wa zaka ziwiri ndi theka, mitu imalingana. Ndiye ameneyu ndichonge bokosi liti? Chachitatu, ku chipinda chosankhira tiyi kuli mayi wina wa thupi lalikulu amene aliyense angati ndiye wathanzi kuposa tonse, koma amakhalira kumva chizungulire, ndipo zikhatho zake n'zoyera mbee.

Funso langa ndi ili: pa gulu lililonse tiyenera kuyeza chiyani kwenikweni, ndipo ndi ziti zomwe ife osaphunzira za chipatala tingachite tokha? Mundithandizenso maganizo pa nkhani ya fomuyi, chifukwa anthu ayamba kale kunong'onezana.

HSA_waku_Phalombe

Mayi Nachanza, mwafunsa bwino. Ine ndiyankhako za ana, chifukwa ndi ntchito yomwe ndimagwira mwezi ndi mwezi pansi pa mtengo wa mango ndi sikelo yanga yokoleka.

Lamba muli nayeyo anapangidwira ana a miyezi 6 mpaka 59. Pa iwowa ndi chida chabwino kwambiri ndipo inuyo mukhoza kuchigwiritsa ntchito, masiku ano ngakhale amayi kumudzi tikuwaphunzitsa kuyeza okha ana awo. Tengani mkono wakumanzere, mupinde chigongono, mupeze pakatikati pa nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono, muikepo kadontho ndi bolopeni. Kenako mkono uwongoke, ulendewere momasuka, ndiye muzengereze lamba pakadontho paja. Asathine mpaka kutsina khungu, asakhalenso wokhwepa. Pofiira ndi pansi pa 11.5 cm, kumeneko ndi kunyentchera kwambiri, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pachikasu ndi kuyambira 11.5 mpaka kuchepera 12.5, wayamba kunyentchera. Kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndiye pobiriwira.

Musaiwale mapazi. Ichi anthu ambiri amachidumpha chifukwa sichifuna chida. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenako muchotse. Pakatsala timaenje m'mapazi onse awiri, mwanayo akutupikana, ndipo zilibe kanthu kuti lamba wanena chiyani. Mwana wotupikana amapusitsa. Masaya amakhala odzadza, pa sikelo amalemera, agogo ake amati mwana wanenepa, pamene ali madzi. Muone tsitsi ngati lafiirira n'kumathothoka, khungu ngati likusupuka, ndiponso ngati mwanayo ali wonyong'onyeka, wosafuna kusewera. Amenewa ndi amene timataya tikachedwa.

Kuchipatala amamuyesa kaye ngati ali ndi chilakolako cha chakudya, amamupatsa chiponde kuti adye pomwepo. Akadya bwino ndipo alibe matenda ena, amalandira chiponde chokadyera kunyumba n'kumabwera kudzaonedwa. Akakana kudya, kapena watupa thupi lonse, kapena akutentha thupi, amagonekedwa ku NRU, wodi ya ana onyentchera, komwe amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75. Paketi imodzi ya chiponde ya magalamu 92 ili ndi mphamvu ya makalori 500, ndipo ndi mankhwala a mwana ameneyo yekha. Kumalayini muwauziretu zimenezi, chifukwa timadziwa kuti zimathera pa buledi wa abambo kapena pamsika.

Tsopano za mwana wa mnansi wanu. Mwaona bwino ndi maso anu, kumeneko ndi kupinimbira, ndipo lamba sakuona. Lamba amaona njala kapena matenda a posachedwa omwe adya mnofu. Kupinimbira ndi nkhani ya nthawi yaitali, imayambira m'mimba mpaka mwana kukwanitsa zaka ziwiri, masiku 1,000 oyamba aja. Kuti mukudziwe pamafunika bolodi yoyezera msinkhu ndi tsiku lenileni lobadwa, kenako kuyerekeza ndi tchati. Mwana wosakwana zaka ziwiri timamuyeza chogona, wopitirira apo choimirira, wopanda nsapato, zidendene ndi nkhongo zitagunda bolodi. Ndi ntchito ya anthu awiri ophunzitsidwa, chifukwa mwana akamalira n'kupinda maondo mumataya masentimita angapo mosavuta. Kuno kwathu vuto lalikulu ndi kupinimbiraku. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, pamene oonda monyentchera anali 3 okha. Mu 2010 opinimbira anali 47. Ndiye mukangodalira lamba, lipoti lanu lidzatuluka lokongola kwambiri, pafupifupi onse "ali bwino", chonsecho mwana mmodzi mwa atatu ali ndi vuto lomwe simunaliyeze.

Sikelo yoponda ija pa ana aang'ono musaidalire. Chofunika ndi kuuza mayi aliyense abwere ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana. Mmenemo muli mzere wa kulemera kwa mwezi uliwonse. Kulemera kwa tsiku limodzi sikunena zambiri, koma mzere ukagona osakwera kwa miyezi iwiri kapena itatu, kapena ukatsika, pamenepo pali nkhani. Muonanso mmenemo ngati analandira vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Makanda osakwana miyezi 6 asiyireni ife, inu mungofunsa ngati akuyamwa mwakathithi.

Pitani kwa a zaumoyo a dera lanulo musanachite chilichonse. Bolodi ali nayo, sikelo yokoleka ali nayo, ndipo ana ambiriwo amawadziwa kale ndi maina.

Mzamba_Zomba

Achemwali, pa amayi oyembekezera ndikupempheni chinthu chimodzi: musawayeze pagulu, pabwalo la fakitale, dzina likuitanidwa mokweza. Mimba yaing'ono kwathu kuno sitilengeza, mukudziwa nokha. Mukatero adzabwera okhawo a mimba zooneka kale, pamene amene timawafuna kwambiri ndi a miyezi itatu yoyamba.

Kuwerengera kulemera ndi msinkhu monga timachitira ndi akuluakulu ena sikugwira ntchito pa mayi wapakati, chifukwa mwana, madzi ndi chibelekero zikulemera nawo. Timagwiritsa ntchito lamba wa pamkono, koma wa akuluakulu, wautali, osati wa ana uja. Malire ake amakhala pakati pa 21 ndi 23 cm malinga ndi ndondomeko yomwe ikutsatidwa, choncho nambala yeniyeni mutenge kwa anamwino a chipatala chomwe mudzatumizeko amayiwo, kuti inu ndi iwo muziyankhula chimodzi. Chachiwiri ndi kakweredwe ka sikelo. Kuyambira mwezi wachinayi mayi aziwonjezera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri pamwezi. Akaima osakwera, timada nkhawa. Akakwera mwadzidzidzi, nkhope ndi manja zitatupa, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, kumeneko si kunenepa ayi, tiyeze BP msanga chifukwa akhoza kukomoka. Ndipo zodina mapazi zomwe anena a HSA zija musazitengere kwa amayi apakati, ambiri amatupa mapazi mimba ikakula popanda kunyentchera kulikonse.

Koma chomwe chimatisowetsa tulo ife azamba ndi magazi. Mayi wapakati akapezeka ndi Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) yochepera 11 ndiye kuti magazi ndi ochepa, ikatsika pansi pa 7 ndi ngozi. Mayi wotere akataya magazi pobereka, ngakhale amene wina akanapirira nawo, iye sapirira. Kuyang'ana zikhatho ndi m'kati mwa chikope kumathandiza kugwira amene zafika poipa, koma ambiri apakatikati amadutsa. Pamafunika kamakina kobaya pachala. Ngati kampani ikufuna kuonongapo ndalama pa tsikuli, iononge pamenepa, ndipo abweretse namwino woti ayeze.

Inu zomwe mungachite ndi kufunsa mwaulemu, pambali. Wayamba sikelo? Bungwe la WHO kuyambira 2016 limalimbikitsa kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi. Mapiritsi a ayironi akumwa tsiku lililonse, kapena ali m'chikwama chifukwa amamuchititsa nseru? Ambiri amasiya akaona chimbudzi chada, osadziwa kuti ndi mmene amachitira mankhwalawo. Fansida walandira? Akugona mu neti? Malungo ndi njoka zam'mimba zimamaliza magazi kuposa mmene anthu amaganizira.

China chomwe chikukhudza inu a kutiyi makamaka. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asalowe bwino m'thupi. Sindikuti asiye, ndani angasiye tiyi ku Thyolo. Koma papite ola limodzi kapena awiri pakati pa nsima ndi kapu, ndipo piritsi la ayironi asamwere tiyi. Pa nsimapo pakhale chipatso chowawasa, bwemba, gwafa, lalanje kapena chinanazi cha kwa anansi anu a ku Mulanje, zimathandiza ayironi kulowa.

Wa_Shifiti_ya_Usiku

Ine ndilankhule ngati munthu woyezedwayo, ndagwira ku dilaya (makina oumitsira tiyi) pa fakitale ina mbali ya Mulanje zaka zambiri ndithu.

Mlongo wanga, anthu akunong'onezana chifukwa fomu yanuyo ili ndi dzina ndi nambala ya ntchito, ndipo ikupita kwa bwana. Ambiri mwa ife ndi a kontirakiti ya nyengo. Ukalembedwa kuti "sali bwino" mu Januwale, ukudziwa bwanji kuti chaka chamawa adzakuitananso? Wina akaonda, anthu maganizo amathamangira ku HIV kapena TB, ndipo nkhani kumalayini siigona. Mayi wapakati wa kontirakiti amamanga mimba ndi chitenje mpaka itakana yokha, chifukwa masabata 8 a tchuthi cha uchembere omwe ali m'malamulo a ntchito amawaona kuti ndi a anthu olembedwa mokhazikika. Ndiye inu mukuti abwere adzadziulule yekha pa fomu ya kampani?

Komanso taonani mwezi womwe asankha. Januwale ndi pamene masamba amachuluka, makina sazima usana ndi usiku, ndipo ndi mwezi womwewo umene chimanga chatha m'nyumba, mtengo wake pamsika uli m'mwamba. Munthu amalowa 6 koloko madzulo atadya mbatata kapena chinangwa masana. Ku dilaya kumatentha moti malaya umachita kufinya. Nsima ya pantchito timalandira, sindikana, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Koma dzaimeni pageti nthawi yoweruka muone tizitini tomwe tikutuluka. Amayi ambiri amadya theka, theka lina amasungira ana. Mukamuyeza mayi ameneyo n'kumupeza wochepa thupi, mumuuza chiyani, kuti azidya magulu asanu ndi limodzi? Amawadziwa pamtima, amaimba nawo nyimbo yake ku sikelo.

Ine sindikukana kuyezedwa. Ndikufuna ndidziwe BP yanga, abambo anga anafa ziwalo ali ndi zaka zosakwana 60. Koma zotsatira zanga andipatse ine m'manja, ndipo atiuziretu kuti akapeza anthu ambiri magazi ndi ochepa, pa chakudya cha pantchito asinthapo chiyani.

Clinical_Officer_BT

Achimwene a shifiti ya usiku anena zomwe ine ndikanayamba nazo. Mayi Nachanza, fomuyo isinthidwe. Dzina ndi zotsatira zikhale kwa namwino ndi kwa mwini wake, zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Kwa mabwana kupite ziwerengero zokha zopanda maina, ndipo kuyezedwa kukhale kwa amene wafuna.

Pa akuluakulu omwe si oyembekezera timagwiritsa ntchito BMI, muyezo woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mumatenga makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Bambo wa 52 kg wotalika 1.70 m: 1.70 kuchulukitsa ndi 1.70 ndi 2.89, ndiye 52 kugawa ndi 2.89 ikupereka 18.0. Pansi pa 18.5 ndi kuchepa thupi, ameneyu afunsidwe za chifuwa, kutuluka thukuta usiku, kutsegula m'mimba, ndi mmene akudyera. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 zili bwino, 25 kupita m'mwamba thupi lapitirira, 30 ndi kunenepa kwambiri. Mayi wa 78 kg wotalika 1.58 m ali pa 31. Sikelo yanu yoponda ija apa ndiye igwira ntchito, bola iikidwe pa simenti yosalala, ndipo anthu avule magambutsi ndi maovolosi olemera. Msinkhu mukhoza kukhoma tepi ya telala pakhoma lowongoka n'kuika buku pamutu.

BMI nayonso ili ndi malire ake. Bambo wanu wa ku boyila akhoza kutuluka 27 chifukwa cha minofu ya zipika zija, osati mafuta. Choncho muwonjezere tepi ya m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mafupa a m'chiuno: mwamuna akapitirira 102 cm kapena mkazi 88 cm, chiopsezo cha shuga ndi BP chimakhala chachikulu. Kamakina ka BP kakhalepo, ndipo wopezeka ndi 140/90 kapena kuposa ayezedwenso tsiku lina atapuma, osati atangotuluka ku dilaya.

Mayi wa chizungulire uja ndi chitsanzo cha chifukwa chomwe mabokosi awiri aja sangagwire ntchito. Munthu akhoza kukhala wonenepa ndi nsima, mafuta ndi shuga, magazi ali ochepa. MDHS yomwe atchula a HSA ija inapeza kuti amayi 21 pa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso, ochepa thupi anali 7, pamene 33 anali ndi magazi ochepa. Kwa mayi yemwe si woyembekezera malire a Hb ndi 12, kwa mwamuna 13. Mayiyu asadikire Januwale, apite akayezetse sabata ino, afunsidwenso za kasambidwe kake, chifukwa nthawi zina magazi amathera kumeneko.

Chida china chaulere ndi funso loti "dzulo munadya chiyani kuyambira podzuka mpaka pogona?" Mulembe zonse, kenako muchonge magulu asanu ndi limodzi aja: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso, mafuta. Mufunsenso ngati chakudya cha pantchito anamaliza yekha. Mukafunsa anthu a shifiti ya masana ndi ya usiku padera, mudzakhala ndi chinthu chogwirika chopita nacho kwa mabwana, monga kuti ufa ukhale wothiridwa michere, ndiwo zamasamba zotendera zizipezeka, usipa kapena bonya uzioneka pa sabata, ndi madzi akumwa akhale pafupi ndi ng'anjo. Ndipo mukayeza mu Januwale, mudzayezenso cha mu Juni anthu atakolola, apo ayi simudziwa ngati mukuona vuto la chaka chonse kapena la nyengo ya njala.

Nachanza_Thyolo

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kope. Lero ndinakumana ndi HSA wa dera lathu, wavomera kubwera ndi anzake awiri, bolodi ndi sikelo ya ana, bola tsikulo lisagundane ndi la katemera. Namwino wa pa kachipatala ka esiteti wati amayi oyembekezera aziwaona kuchipinda kwake sabata yonseyo, aliyense pa nthawi yake, osati pabwalo. Mayi wa ku chipinda chosankhira tiyi ndamuuza, wati apita Lachisanu.

Povuta ndi pa fomu. Bwana wa za antchito akuti popanda maina sangatsimikize kuti anthu anayezedwadi, ndipo ndalama ya kamakina ka magazi akuti mulibe mu bajeti. A komiti tagwirizana kuti tikakambe nawonso pamodzi ndi nthumwi za yuniyoni. Achimwene a shifiti ya usiku, zija za tizitini ndikazinena mmene mwazineneramo.

Mzamba_Zomba

Pa mainawo, auzeni kuti pakhale mapepala awiri. Lina la kusaina kuti munthu wafika, limenelo atenge. La zotsatira likhale ndi nambala yongopeka, litsale kwa namwino. Za kamakina, musanagonje funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu ngati angabwereke kawo tsiku limenelo, kampani ingogula timapepala toyezera ndi tosongola tobayira, chifukwa n'zimene zimatha. Zikakanika zonse, yambani ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, muwalembere kalata yopita ku chipatala chomwe chili ndi labu, ndipo kapitawo awapatse chilolezo chopita osawadula tsiku.